Bokosi la Pangodya ya Mapu

Ku khonsolo ankangowatchula kuti a Mapu. Dzina lawo lenileni linalembedwa pachitseko cha ofesi, koma utoto unafufutika kalekale ndipo palibe anadandaula, ngakhale eni akewo. Anajambula mapu a mzinda kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, m'kachipinda ka kuseri kwa holo ya makhansala, kamene kale ankasungiramo matsache. Munali tebulo lopendekeka, malula atatu ojambulira mizere, mabotolo a inki ndi zenera limodzi loyang'ana kudoko. Anali bambo wamfupi, wolankhula motsitsa, wa malaya oyera kupatula pathumba pomwe cholembera chinkadontha. Mukanafunsa mumzindamo kuti munthu wabwino ndani, ambiri akanaloza iwo. Ndipo kulozedwa kumeneko n'kumene kunkawawawa koposa zonse.

Mzinda wake ndi waung'ono, wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ija imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Anauyamba ndi anthu ophika mchere. Kenaka kunabwera doko, njanji inatsatira doko, ndipo pomalizira, monga zimakhalira, kunabwera khonsolo kudzalamulira zomwe inazipeza zili kale. Kumpoto kuli phiri komwe kumakhala mabwana, pakati pali msika ndi maofesi, ndipo kummwera chakum'mawa mtunda umaonda n'kulowa m'nyanja ngati mchira wa buluzi. Anthu amangoti kumchira. Kumeneko kunali nyumba khumi ndi imodzi za zidzukulu za ophika mchere aja, ndipo a Mapu anabadwira m'nyumba yomalizira, yoyang'anizana ndi mafunde.

Makolo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anawalera ndi achemwali awo, amene anasiya sukulu n'kuyamba kuyanika nsomba ndi kusoka maukonde kuti mlongo wawo asasiye. A Mapu ankagona m'kachipinda ka kumbuyo, ndipo ankapita kusukulu malaya akununkha utsi wa nsomba. Anzawo ankatseka mphuno akamadutsa. Zinthu ngati zimenezo mwana saiwala, amangozikwirira.

Cholakwa chawo chinachitika m'chaka chawo chachiwiri pa ntchito. Boma linalengeza kuti tauniyo yakwezedwa kukhala mzinda, ndipo pofika Lachisanu panafunika mapu atsopano oti a meya asayinire pamaso pa anthu. Pepala lalitali linali litatha kusitolo ya khonsolo, choncho anawapatsa lalifupi. Anayamba kujambula kuchokera kuphiri, ndipo atafika kumchira anapeza kuti wagwera pangodya yeniyeni ya kumanja, pansi. Tsono mapu aliwonse amakhala ndi bokosi lofotokoza zizindikiro, muyeso, tsiku ndi dzina la wojambula, ndipo ku khonsolo imeneyo bokosi linkakhala pangodya yomweyo chiyambire.

Anapita kwa mkulu wa mapulani, bambo wa mimba yake amene ankasuta kaliwo wosayatsa.

"Bwana, bokosi likugwera pamchira."

"Kumchirako kuli chiyani?"

Apa m'pamene pali nkhani yonse. Akanatha kunena kuti kuli achemwali anga, kuli nyumba yomwe ndinabadwira, kuli anthu amene anaupeza mzinda uno ulibe ndi msewu womwe. Koma anali mnyamata wa tayi watsopano, ndipo muofesimo munalibe ankadziwa kuti amachokera kofuka utsi wa nsomba.

"Tinyumba tochepa chabe, bwana," anatero.

"Ndiye vuto lili pati? Ika bokosi pamalo pake. Pepala lalitali likabwera udzakonza."

Analiika. Analijambula bwino kwambiri, mizere yowongoka, zilembo zofanana, ndipo pansi pake analemba dzina lawo ndi inki yakuda. Lachisanu a meya anasayina, mlembi wa khonsolo anadinda chidindo, anthu anaomba m'manja. Pepala lalitali linabwera patatha miyezi itatu, koma ndani angafufute mapu amene a meya asayina, amene apachikidwa kale m'maofesi onse ndi m'masukulu? A Mapu anati adikire kaye zinthu zizizire.

Muyenera kudziwa momwe ntchito imeneyi inkayendera. Wojambula mapu sankapita kukayezanso mzinda nthawi iliyonse. Akafuna mapu a mapaipi, ankayala pepala loonekera pamwamba pa mapu akale n'kutsatira mizere. Akafuna a misewu, chimodzimodzi. Mapu ankabala mapu anzake, ndipo mwana aliyense ankabadwa ndi chilema cha make. Amene ankaberekesa anawo anali a Mapu omwewo, ndi dzanja lawo, chaka ndi chaka, ndipo nthawi iliyonse pensulo ikafika pangodya ija inkakhota n'kutsatira m'mbali mwa bokosi.

Choipitsitsa chinali chakuti mapu oyamba aja anapatsako achemwali awo kope limodzi, mwa kunyada kwa ubwana. Mayiwo anapukuta manja pansalu, n'kulitambasula pamphasa, n'kulipenya nthawi yaitali mozondotsa.

"Nanga ifeyo tili pati?"

A Mapu anaika chala pabokosi. Lilime linapeza lokha pothawira. "Muli apa, achemwali. Pansi pa dzina langali."

Achemwaliwo anaseka mpaka misozi. Mawa lake anapita kwa kalipentala kukakhometsa fulemu ya galasi, ndipo mapuwo anawapachika pabalaza, moyang'ana khomo. Mlendo aliyense, ngakhale wobwera kudzapempha moto, ankaimitsidwa pamenepo. "Mukuona? Mzinda wonsewu, phiri lonseli la mabwana, mwanayu anasankha kuika dzina lake pamwamba pa denga langa. Kulera n'kumeneku."

Poyamba anthu a kumchira sanaone choipa. Ankaseka kuti oyendera a khonsolo, aja amavuta za zimbudzi ndi makola a nkhuku, sawafika. Kenaka kunabwera mapaipi a madzi. Okumba anakumba kutsatira mapu, ndipo pomwe bokosi linayambira anaika mpopi womaliza n'kukweza mafosholo m'galimoto. Phula linathera pomwepo. Galimoto ya zinyalala inkatembenukira pomwepo. Pogawa mawodi, kumchira sikunagwere m'wodi iliyonse, moti anthu akapita kukadandaula, khansala wa kumsika ankati, "Inu si anga, pitani kwa wa kudoko," wa kudoko naye n'kuwabweza kwa wa kumsika. Makhansalawo ankawakumbukira nthawi ya mavoti yokha, poti voti siyang'ana mapu.

A Mapu analemba makalata atatu oulula zonse. Yoyamba anailemba chaka cha mapaipi, koma sabata yomweyo anakwezedwa pa ntchito, ndipo anaona kuti si bwino kuyamba udindo ndi mlandu. Yachiwiri anailemba chaka cha mawodi, koma meya wa nthawi imeneyo ankachotsa anthu ntchito ngati akuthyola masamba, ndipo iwo anali ndi ana atatu pasukulu. Zifukwa zinalipo nthawi zonse, ndipo zonse zinali zomveka. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Yachitatu anailemba alamu awo atamwalira. Amuna a achemwali awo anagwa masana akukoka bwato, dzanja lili pachifuwa. Ambulansi inabwera, koma inaima pothera phula, woyendetsa akuti mumchenga sangalowe ndipo pamapu ake palibe msewu. Anthu anazula chitseko n'kuwanyamulirapo mtunda wonsewo. Anatsirizikira pageti la chipatala. Dokotala anati ngakhale akanafika msanga mwina sakanapulumuka, ndipo a Mapu anaugwira "mwina" ameneyo zaka khumi ndi ziwiri, koma sunawagonetse tulo ngakhale tsiku limodzi. Kalatayo inalowa m'dirowa pamwamba pa zinzake.

M'malo mwa kalata, anayamba kutunga madzi. Loweruka lililonse m'mawa ankamangirira zigubu zinayi panjinga, n'kudzaza pampopi womaliza uja, n'kukankha njingayo mumchenga mpaka kwa achemwali awo. Dzuwa, mvula, chimfine, sanaphonyepo. Amayi a kumchira ankaloza ana awo aamuna n'kumati, "Taonani anzanu, bwana wa ku khonsolo koma saiwala kwawo." A Mapu ankamwetulira, mawuwo akuwalasa ngati minga ya nsomba pakhosi. Ankadziwa bwino lomwe kuti sakutunga chifukwa cha chikondi chokha. Ankalipira mlandu umene mwini wake sankaudziwa.

Nyanja nayo sinkadikira. Chaka chilichonse nyengo ya mphepo inkaluma mchenga pang'ono, ndipo nyumba zinayamba kupita imodziimodzi. Ya wosoka matanga inapita, ya mapasa inapita, ya mayi wophika mchere womaliza inapita ndi miphika yake yomwe. Pofika chaka chomwe a Mapu ankapuma pa ntchito, zinatsala zisanu. Kwa achemwali awo madzi anali atatenga kale kachipinda ka kumbuyo.

Mwezi wawo womaliza, khonsolo inakonza zomanga khoma lotchinga mafunde kuyambira kudoko kutsika m'gombe lonse. Ntchitoyo inali m'manja mwa injiniya watsopano, mayi wachitsikana wochokera kutali, wa nsapato zamphira ndi mawu osazungulira. Ankawalemekeza a Mapu, ndipo tsiku lina anawaitana kuti aone pulani yake pakompyuta.

"Mapu anu akale aja tinawalowetsa onse muno, bambo. Dzanja lanu linali loyera, sitinavutike."

A Mapu anavala magalasi n'kuwerama. Mzere wofiira wa khoma unatsika m'gombe bwinobwino n'kukathera pampopi uja. Kupitirira pamenepo panalibenso bokosi. Amene ankalowetsa mapu m'kompyuta analichotsa, ndipo poona kuti pansi pake palibe kanthu, anapakapo mtundu wa madzi.

"Apapa," anatero a Mapu, akuloza pamenepo, "pali chiyani?"

"Nyanja."

"Nanga khoma likathera apa, mafunde amatani?"

"Amakhota n'kukamenya kumapeto kwake, mwamphamvu kuposa kale. N'chifukwa chake timalithetsera popanda anthu. Chilichonse chingakhale apo, zaka ziwiri sichingafike."

Anathokoza, n'kubwerera kukachipinda kawo, n'kutseka chitseko. Zaka zonsezi ankadzinamiza kuti kukhala chete kwawo kukungomana anthu zabwino. Tsopano kunali kukagwetsa nyumba ya achemwali awo ndi simenti ya khonsolo yomwe. Pulaniyo inkayenera kuvomerezedwa pamsonkhano wa makhansala Lachinayi, ndipo pamsonkhano womwewo anakonza zowapatsa satifiketi yowathokoza pa ntchito yosalakwitsa. Anatsekula dirowa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Chilungamo chake, akanayenera kuyamba kuuza achemwali awo. Koma kuulula pamaso pa anthu makumi awiri ovala masuti n'kosavuta kusiyana ndi pamaso pa munthu mmodzi amene anakuchapira makabudula. Choncho anayambira kuholo.

Lachinayi m'mawa, mlembi atawerenga za khoma n'kufunsa ngati pali wotsutsa, a Mapu anaimirira kumbuyo komwe amakhala ogwira ntchito. M'zaka makumi atatu ndi zinayi anali asanalankhulepo m'holomo.

"Dikirani kaye, a Mapu," anatero a meya akuseka, "satifiketi yanu ili kumapeto. Kapena mwamva fungo la zokhwasula?"

Anthu anaseka. A Mapu anayenda mpaka kutsogolo n'kuika patebulo kabuku kawo kakale ka miyeso ndi makalata atatu achikasu.

"Bwana meya, pamene pulani ikuti pali nyanja pali anthu. Panali nyumba khumi ndi imodzi. Ndinaziphimba ndi bokosi ineyo, chaka chomwe tinakhala mzinda, ndipo ndakhala ndikudziwa tsiku lililonse kuchokera pamenepo. Madzi, msewu, wodi, zonse zinawaphonya chifukwa cha ine. Nyumba yomalizira ndi ya achemwali anga. Ine ndine wa kumchira."

Kenaka khansala wa kumsika anayamba kunena kuti iye wakhala akunena kalekale kuti anthuwo ndi a wodi ya kudoko, wa kudoko n'kudzuka kuti amuyankhe, ndipo zikanathera pamenepo monga misonkhano yambiri imathera. Koma injiniya uja anali atatsekula kale kabuku ka miyeso. Anatseka kompyuta yake n'kunena kuti iye sasayina khoma lomwe sanaone mathero ake ndi maso, ndipo unali mlandu wakenso kuti sanapiteko. Masana omwewo galimoto ya khonsolo inakaima pampopi womaliza, ndipo makhansala anayenda mumchenga atanyamula nsapato m'manja. A Mapu anatsala m'galimoto. Madzulo asanafike zinagamulidwa: khoma lizungulire mchira wonse, koma pofika Lolemba pakhale miyeso yatsopano. Za satifiketi palibe anazikumbukanso.

Loweruka anakankha njinga yawo monga mwa masiku onse, zigubu zinayi, koma pachonyamulira panalinso tepi yoyezera ndi kabuku. Anawapeza achemwali awo pakhonde akusoka ukonde, tsitsi lonse mbuu, magalasi omangidwa ndi ulusi.

"Wamva?" anafuula mayiwo, a Mapu asanatsitse n'komwe zigubu. "Kunabwera mabwana dzana, nsapato m'manja ngati akuba! Akuti atimangira khoma. Ndinawauza kuti ndikudziwa amene wawatuma, ndinawalowetsa m'nyumba kuti aone dzina lako. Koma anthu ake amanyazi bwanji, onse amangoyang'ana pansi."

A Mapu analowa pabalaza n'kuima patsogolo pa fulemu ija. Pepala linali litachita chikasu, koma bokosi linkaonekabe bwino.

"Achemwali, bwerani mukhale pansi."

Anawauza zonse, osasiya kanthu: za pepala lalifupi, za mapaipi, za makalata a m'dirowa. Anawauzanso funso la mkulu wa mapulani ndi yankho lomwe anapereka, ngakhale limenelo akanatha kulibisa poti mboni yake inafa kalekale. Mayiwo anamvetsera manja ali pamaondo. Panja nyanja inali ikuphwa.

"Tinyumba tochepa," anabwereza pang'onopang'ono.

"Ndinatero."

"Unali ndi manyazi ndi ife."

"Ndinali nawo."

"Tsiku lija tinanyamula alamu ako pachitseko, iwe unagwira kutsogolo. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, achemwali."

Sanalire, ndipo a Mapu akanakonda akanalira kapena kuwagenda ndi chikombe. Anangoyang'ana zigubu zili pakhomo paja. "Ndiye madzi onse aja ndinkamwa ndikukudalitsa. Anthu ndawaimitsa apa zaka zonsezi, kuwaonetsa chivundikiro chomwe unandivundikira nacho. Wandiseketsa, mwana iwe."

Anadzuka movutikira, n'kuchotsa fulemu pamsomali, n'kuitembenuza. Ndi mpeni wosokera ukonde anakanganula timisomali ta kumbuyo, n'kusolola mapuwo, n'kuwapinda kanayi n'kuwaika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Atatero anatenga ndodo yawo.

"Wabwera ndi tepi. Tiye, madzi asanabwerere."

Anayeza awiriwiri, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri atagwira nsonga ya tepi, mlongo wake akuyenda chobwerera n'kumalemba. Sanalankhulane kupatula manambala. Atafika kuseri kwa nyumba yawo, anaona maziko a kachipinda kaja akuonekera mumchenga wonyowa, timiyala tozungulira malo okwana mphasa imodzi, nkhanu zikuthamangamo. A Mapu anayeza mpaka pakhoma lomwe linatsala, n'kulemba m'kabuku, n'kutseka.

"Walemba nyumba zingati?" anafunsa achemwali awo.

"Zisanu."

"Lemba khumi ndi imodzi."

"Achemwali, mapu amaonetsa zomwe zilipo."

Mayiwo anawayang'ana kupyolera m'magalasi omangidwa ndi ulusi aja.

"Zimenezo wazidziwa lero?"

A Mapu anatsekulanso kabuku. Achemwali awo anatsogola kulowera kumchenga wonyowa, akuloza ndi ndodo pomwe panali ya wosoka matanga, pomwe panali ya mapasa, pomwe panali ya wophika mchere, akutchula aliyense ndi ana ake, ndipo iwo ankatsatira pambuyo akukoka tepi, madzi ali m'akakolo. Pomwe ankamaliza yachikhumi ndi chimodzi, nyanja inali itayamba kubwerera.

Pobwerera, a Mapu ali kumangirira zigubu zopanda kanthu, achemwali awo anatuluka m'nyumba ndi fulemu ija, galasi lokhalokha, n'kuiika pachonyamulira cha njinga. Anaimanga okha ndi chingwe cha ukonde, mfundo ziwiri, osawayang'ana kumaso.

"Ukamaliza mapu atsopanowo ubweretse," anatero. "Koma dzina lakolo uliike m'nyanja."